Disiki Isanafufutidwe, Mwini Wake Auzidwe m'Chichewa Chomveka

Anthu amene amasamalira FreeDOS akhala akubwereza funso limodzi kwa zaka zambiri. Munthu akabwera pa intaneti kudzatenga pulogalamu yawo, amusenzetse zochuluka bwanji? Nanga pulogalamu yomuikira zinthuzo m'kompyuta imufunse mafunso angati, m'mawu otani? Ambiri angaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya akatswiri a makompyuta okha. Ine ndikuona kuti mbali yaikulu ya funsoli ndi ya chinenero, pakuti ntchito ya pulogalamu yoikira pamaso pa munthu ndi kuyankhula naye basi. Imamuuza chimene ikufuna kuchita ndi disiki yake, iye n'kuvomera kapena kukana. Mawu akapotoka pamenepo munthu amavomera chimene sanamve, ndipo zimene wakhala akusunga kwa zaka zimatha m'kanthawi kochepa.

FreeDOS inayamba pa 29 Juni 1994. Jim Hall, amene panthawiyo ankaphunzira physics pa University of Wisconsin ku River Falls m'dziko la America, analengeza kuti akufuna kupanga DOS, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ya aliyense, chifukwa zinali zitamveka kuti kampani ya Microsoft isiya MS-DOS n'kuika mtima pa Windows. Poyamba anaitcha PD-DOS, koma dzinalo silinakhalitse. Ena anabwera kudzagwirana naye manja. Pat Villani anapereka mtima wa pulogalamuyi, umene akatswiri amautcha kernel, ndipo Tim Norman anayamba kulemba mbali imene imalandira malamulo olembedwa pa kiyibodi. Poti onsewa anali ongodzipereka, ntchito inkayenda pang'onopang'ono. FreeDOS 1.0 inatuluka mu 2006, ya 1.1 mu 2012, ya 1.2 mu Disembala 2016, ya 1.3 mu 2022, ndipo ya 1.4 mu Epulo 2025.

M'zaka zimenezi katundu anakula. MS-DOS 6.22 ya mu 1994 inkakwana pa madisiketi atatu, iliyonse ya mamegabaiti 1.44. CD yaing'ono yoikira FreeDOS 1.0 inali ya mamegabaiti 8 okha. Koma anthu anapitiriza kuonjezera magemu, mapulogalamu olembera, zida za opanga mapulogalamu ndi zolumikizira pa netiweki, mpaka CD imodzi, imene imanyamula mamegabaiti pafupifupi 700, inachepa. N'chifukwa chake FreeDOS 1.3 inabwera yogawikana. Panali LiveCD yoyambira, BonusCD ya zoonjezera, LegacyCD ya makompyuta akale, FullUSB ndi LiteUSB za pa fulashi, ndi ina ya pa madisiketi yopangira makina akale kwambiri. Pofika pa 1.4 anayambanso kupungula, n'kuchotsa mapulogalamu ena amene ankavuta. Pulogalamu yoikira imene ikugwira ntchito kuyambira pa 1.2 inalembedwa ndi Jerome Shidel, ndipo funso lake loyamba ndi lakuti munthu asankhe chinenero. Pamndandandawo pali Chingerezi, Chifalansa, Chijeremani, Chisipanishi ndi zina. Chichewa palibe.

Wina angafunse kuti ife zikutikhudza pati. Makampani monga HP ndi Dell akhala akugulitsa makompyuta ena atsopano ali ndi FreeDOS m'malo mwa Windows, ndipo wogula akayatsa amangoona chilembo C ndi kamzere kophethira pa sikirini yakuda. Amisiri okonza makompyuta amaigwiritsa ntchito pokonzanso BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa. Ophunzira amaiyendetsa mkati mwa mapulogalamu oyerekezera kompyuta monga VirtualBox kapena QEMU kuti aone m'mene kompyuta imagwirira ntchito isanavekedwe zithunzi. Koma chachikulu kwa ine n'chakuti mafunso amene FreeDOS imafunsa ndi ofanana ndi amene mapulogalamu ena oikira amafunsa, pa foni ngakhale pa laputopu, ndipo anthu ayamba kale kuwalemba m'Chichewa. Mu DOS mulibe zithunzi zobisalirako, mulibe kanema wosonyeza poti udine. Muli mawu okhaokha. Choncho ndi pabwalo pabwino poyeserapo ngati Chichewa chathu cholembedwa chikutha kusenza chenjezo.

Matenda ofala kwambiri m'Chichewa cha makompyuta ndi a mneni wakuti kupanga. Masiku ano timamva "pangani dawunilodi", "ndapanga install", "mupange format", ngati kuti Chichewa chili ndi mneni mmodzi yekha amene ntchito yake ndi kubereka mawu a Chingerezi kumsana. Kupanga ndi kutulutsa chinthu chimene panalibe. Mmisiri amapanga mpando, ndipo Jim Hall ndi anzake anapanga FreeDOS. Ine wokhala pa kompyuta yanga sindipanga kanthu. Ndimatsitsa fayilo imene ena anapanga, ndimaikopera pa fulashi, ndimaika pulogalamu m'kompyuta. Aneni onsewa alipo, ndi afupi, ndipo amalandira timphatikira tathu bwinobwino: nditsitsireni, yatsitsidwa, muikenso, sinaikike. Yesani kuchita zimenezo ndi "kupanga install" muone m'mene chiganizo chikhalire cholemera. Ndipo amene akufuna mawu obwereka awabwereke kwathunthu, akhale mneni weniweni, monga m'mene anthu achitira ndi kufomata ndi kubena. Anyamata obena nyimbo m'misika sanadikire komiti. Anatenga mawu, n'kuwapatsa ku- kutsogolo ndi -a kumapeto, ndipo lero aliyense amamva ukati "undibenere". Umenewo ndiye ubwereki wa Chichewa.

Palinso dzenje la mbali inayo, limene amagweramo ndi anthu okonda chinenero ngati ine ndemwe. Poopa mawu obwereka, ena amalemba "chimbale chosungira nkhani cha mkati mwa makina a kompyuta" pamene mmisiri aliyense amangoti hadi disiki. Wowerenga amaima n'kuyamba kumasulira Chichewacho kupita ku Chingerezi kuti amve chimene chikunenedwa. Chinenero sitichiteteza motero. Disiki, fulashi, fayilo, foda, kiyibodi ndi batani ndi mawu athu tsopano, ali ndi magulu awo a mayina ndipo amachulukitsidwa mwa Chichewa. Mphamvu zathu tizisungire aneni, chifukwa pa mneni ndi pamene munthu amamvera chimene chichitike.

Tifike pa kukula kwa fayilo, pamene pali mkangano weniweni wa anthu a FreeDOS. Olemba ambiri amati pulogalamuyi ndi yaulere, n'kusiyira pomwepo. N'zoona kuti sagulitsa. Komanso chilolezo cha GPL chimene mbali zake zambiri zimayendera chimapatsa munthu ufulu woona m'mene anailembera, woisintha ndi woigawira ena, ndipo ufulu umenewu ndi nkhani ina, yosiyana ndi ulere. Koma kwa munthu wogula bandulo ya intaneti, fayilo ya mamegabaiti mazana angapo ili ndi mtengo wake ngakhale mwini wake sanalipiritse. Netiweki ikaduka pakati, mtengowo umawirikiza. Wolemba Chichewa amene akuti "tsitsani kwaulere" osatchula kukula kwa fayiloyo wanena theka la zoona. Chiganizo choyenera chimanena zonse ziwiri: pulogalamuyi sagulitsa, koma kuitsitsa kudya mamegabaiti akutiakuti.

Ndiye pali vuto lakuti mawu amodzi, kukula, akunyamula zinthu zitatu zosiyana. Fayilo imene munthu amatsitsa imakhala yopanikizidwa mu zip. Akaimasula, mumatuluka fayilo ina yaikulupo imene iyenera kulembedwa pa CD kapena pa fulashi, ndipo fulashiyo iyenera kukhala yoti ikwane. Akamaliza kuika, pulogalamuyo imatenga malo ena pa hadi disiki, malinga ndi zimene wasankha. Chingerezi chimakonda kutchula dzina limodzi n'kuika nambala pambali, ndipo womasulira waulesi amalemba "Kukula:" n'kuikanso nambala. Kukula kwa chiyani? Chichewa chimachita bwino chikaloledwa kuyenda ndi aneni ake. Mutsitsa mamegabaiti akuti. Mufunika fulashi yosachepera akuti. Ikaikidwa itenga malo akuti pa disiki. Ziganizo zitatu zazifupi, ndipo palibe amene angagule bandulo yoperewera kapena kufufuta fulashi imene siikwana. Pakamwa anthu amati fayiloyi ndi yolemera, ndipo ndimawakonda mawu amenewa pokamba za kutsitsa, chifukwa akunena za mtolo umene ukudutsa pa netiweki. Pokamba za malo a pa disiki, tinene malo.

Mayina a mitundu ya FreeDOS ndi ofunika kuwasamala kuposa m'mene amaonekera. Pulogalamu yoikira imapatsa munthu mwayi wosankha DOS yokha, kutanthauza mapulogalamu amene amagwira ntchito zimene MS-DOS inkagwira, kapena DOS pamodzi ndi magemu ndi zina zambiri. Tikamasulira yachiwiriyi kuti "yathunthu" kapena "yokwanira", ndiye kuti tanena kuti yoyamba ija ndi yoperewera, ndipo palibe munthu amene amasankha choperewera mwadala. Aliyense athamangira yaikulu, awononge bandulo ndi nthawi potsitsa zinthu zimene sadzazitsegula n'komwe. Chonsecho DOS yokhayo ndi nsima ndi ndiwo zake, munthu amadya n'kukhuta, zinazo ndi za paphwando. Kernel yake siikwana ndi makilobaiti 100 omwe. Mmisiri amene akungofuna kuyatsa kompyuta kuti akonzenso BIOS safuna gemu ngakhale imodzi. Mayina abwino ndi onena zimene zili mkati: "DOS yokha" ndi "DOS ndi mapulogalamu oonjezera". Mawu akuti "yopepuka" akhoza kuyenera LiteUSB, poti akugwirizana ndi kulemera kuja, koma "yochepa" ayi, chifukwa kuchepa m'Chichewa kumamvekanso ngati kusakwanira.

Pali chisankho chinanso pamenepo, chofunsa ngati munthu akufuna kuikanso source code, malemba amene opanga pulogalamu analemba asanawasandutse chinthu choti makina ayendetse. Ndaonapo mawu amenewa atamasuliridwa kuti gwero. Munthu wamba akawerenga "ikani pamodzi ndi magwero" samva kanthu, ndipo poopa kusiya chinthu chofunika amavomera. Kuli bwino kulemba kuti "pamodzi ndi malemba a opanga mapulogalamu", kuti amene si wopanga mapulogalamu adziwe msanga kuti si zake.

Tsopano tiyang'ane pamene pali ngozi. Munthu wayatsa kompyuta ndi CD kapena fulashi ya FreeDOS, wasankha chinenero, walandiridwa. Pakati pa sikirini pakubwera bokosi lomuuza kuti disiki C ikuoneka kuti sinagawidwe, n'kumufunsa ngati igawidwe. Pansi pali mizere iwiri, wovomera ndi wokana, ndipo munthu amayenda pakati pa mizereyi ndi mabatani a mivi, n'kudina Enter. Akavomera, pulogalamu ya FDISK imagawa disiki, kompyuta imazima n'kuyakanso, kenako bokosi lina limafunsa ngati disikiyo ifomatidwe. Pambuyo pake ndi pamene amasankha mtundu wa kiyibodi ndi mapulogalamu oti aikidwe. Mabokosi awiri apakatiwo ndi amene angathe kumeza zithunzi za ukwati, makalata a sukulu ndi maakaunti a bizinesi, ngati munthu walozetsa disiki yolakwika.

Mawu amene ndimawaopa kwambiri pa malo amenewa ndi kukonza. Womasulira akaona kuti kufomata ndi mawu obwereka, amafuna a Chichewa chenicheni, n'kulemba "Kodi tikonze disiki yanu?" Kukonza ndi mawu okoma. Timakonza njinga yowonongeka, timakonza m'nyumba, timakonza chakudya. Palibe munthu amene angakane kuti chinthu chake chikonzedwe. Koma chimene chichitike apa ndi kufufuta. Ngakhale kufomata kumene, ngakhale ambiri amakudziwa, si onse amene amadziwa mathero ake. Ena amangodziwa kuti foni ikavuta amakaifomata ndipo imayambanso kuyenda. Bokosi limeneli liyenera kutchula zotsatira poyera: kufomata kufufuta zonse zimene zili pa disiki C, ndipo sizibwereranso. Chimodzimodzi kugawa. M'Chichewa kugawa kumamveka ngati kupatsa ena, ndiye chiganizo chizikwana: kugawa disiki m'zigawo. Ndipo chinenenso kuti zimene zinalipo zikhoza kutayika.

Nthawi ya mneni ili ndi ntchito yaikulu pano, ndipo ndi pamene omasulira ambiri amapunthwa osadziwa. Akaona chiganizo cha Chingerezi chonena za m'tsogolo, dzanja limathamangira -dza-, n'kulemba "mafayilo anu adzafufutidwa". Koma -dza- wathu amakankhira chinthu kutali, mawa, mwezi wamawa, tsiku lina. Munthu akamva kuti adzafufutidwa, mumtima amati nthawi ilipo, ndikopera kaye ndikamaliza. Pamene zoona zake n'zakuti akangodina batani, kufufuta kwayamba. Chichewa chili nayo nthawi ya zimene zichitike posachedwa, yopanda -dza-: mafayilo anu afufutidwa mukangodina. Koma apanso pali msampha, chifukwa polemba sitisonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndiye "afufutidwa" payekha akhoza kuwerengedwa ngati zachitika kale. N'chifukwa chake mawu akuti "mukangodina" kapena "mukavomera" sayenera kuchotsedwa pofuna kusunga malo. Ndiwo akuonetsa kuti chisankho chidakali m'manja mwa wowerenga.

Kenako tisankhe bwino pakati pa kufufutika, kufufutidwa ndi kufufuta. Tikati zifufutika, zimamveka ngati zichitika zokha, mwangozi, monga mbale imasweka popanda wina woiswa. Tikati zifufutidwa, wochita alipo koma wabisala. Chenjezo loona mtima limatchula wochitayo: pulogalamuyi ifufuta zonse. Ndimadananso ndi chizolowezi chofewetsa chenjezo ndi "mwina" kapena "zitha kutheka kuti" pamene chinthucho chichitika ndithu. Ulemu wathu umatiphunzitsa kuzungulira pouza munthu nkhani yowawa, ndipo pamaliro kapena pamilandu ya m'banja ulemu umenewo ndi wofunika. Pa bokosi la kufomata, kuzungulira ndi kumulakwira munthu. "Zitha kutayika" tizisungire pamene kutayikako n'kokayikitsadi.

Funso lokana lisapezeke m'pulogalamu yoikira ya Chichewa ngakhale kamodzi. FreeDOS ikapeza DOS ina pa disiki imafunsa ngati isunge kaye mafayilo akalewo. Tayerekezani womasulira atalemba kuti "Simukufuna kusunga mafayilo akale?" Mchewa amene sakufuna ayankha kuti inde, kutanthauza kuti inde, sindikufuna. Amene akufuna ayankha kuti ayi, ndikufuna. Mngerezi amayankha mosemphana ndi zimenezi, ndipo pulogalamuyo inalembedwa motsata mayankhidwe ake. Ndiye munthu amene wayankha molondola m'chinenero chake ndi amene aluze mafayilo. Pano okonza FreeDOS anachita chinthu chanzeru chimene tiyenera kutengera. Sasiya inde kapena ayi ali yekha. Pambali pa yankho lililonse amalemba chimene lichite. M'Chichewa zingakhale "Inde, fomatani disiki C" ndi "Ayi, ndibwezereni ku DOS". Munthu ngakhale funso sanaliwerenge bwino, yankho limuuza kumene akupita. Ndipo mzere umene wasankhidwiratu pa bokosi loopsa uzikhala wokana, kuti wodina Enter mothamanga asavulale.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Malamulo ambiri a DOS amayankhidwa ndi chilembo chimodzi, Y povomera ndi N pokana. Lamulo lokopera mafayilo likapeza fayilo ya dzina lomwelo, limafunsa ngati lilembe pamwamba pake, ndipo pa mayankho pamakhala chilembo chachitatu, A, choimira All, kutanthauza kuti lemba pamwamba pa onse usandifunsenso. Kwa ife A ndi chilembo choyamba cha ayi. Tikamasulira funso lokha n'kusiya zilembo zoyankhira m'mene zilili, wowerenga Chichewa amene akufuna kukana adina A, ndipo mafayilo ake onse akale apita. Womasulira ayenera kudziwa ngati pulogalamuyo imalola kusintha zilembo zoyankhira. Ngati imalola, I ndi A zikhale inde ndi ayi paliponse, ndipo "onse" apatsidwe O. Ngati siilola, alembe poyera kuti dinani Y povomera, N pokana, ndipo mawu akuti ayi asawaike pafupi ndi funsolo.

Za ulemu sindichulukitsa. Pulogalamu siidziwa ngati ikuyankhula ndi mwana wa sukulu kapena ndi agogo, choncho iziti sankhani, dikirani, dinani. "Sankha" ndi mawu ouza mwana kapena mnzako wapamtima. Zilembo ziwiri za -ni sizidzaza disiketi. Koma ulemu usasanduke mwambo wa malonje. "Chonde tikukupemphani kuti mukhale omasuka kusankha" ndi Chingerezi cha m'maofesi chovala nsalu ya Chichewa. "Sankhani chinenero" muli kale ulemu wonse wofunika.

Sikirini ya DOS ili ndi mizere 25, uliwonse wa zilembo 80, ndipo bokosi la pulogalamu yoikira ndi lochepera pamenepo. Anthu amadandaula kuti Chichewa n'chachitali, sichingakwane. Chimene chimatalika ndi Chichewa chotsata Chingerezi phazi ndi phazi. Taonani ichi: "Kuikidwa kwa pulogalamu kwamalizidwa mwachipambano." Palibe Mchewa amene anayankhulapo chonchi. Ife timati "Pulogalamu yaikidwa", kapena "Zatheka". Taonaninso "Kuyambitsidwanso kwa kompyuta yanu ndi kofunika", pamene tikanangoti "Zimitsani kompyuta, muiyatsenso". Chingerezi cha akatswiri chimaunjika mayina, Chichewa chimayenda ndi aneni, ndipo mneni wathu mmodzi amanyamula wochita, nthawi ndi wochitiridwa. "Ndikusungireni?" ndi liwu limodzi, koma ndi funso lathunthu. Amene waganiza chiganizo m'Chichewa kuchokera pachiyambi amapeza kuti malo akutsala. Izi zili ndi phindu lenileni, chifukwa mu mtundu wa FreeDOS wa pa madisiketi, ena mwa iwo a makilobaiti 720 okha, fayilo iliyonse ya chinenero ikulimbirana malo ndi mapulogalamu enieniwo. Chinenero chimene chikubwera ndi mawu onenepa chimakhala choyamba kusiyidwa.

Manambala alembedwe ndi zizindikiro, dzina patsogolo monga mwa kayankhulidwe kathu: mamegabaiti 8, madisiketi 3. Pamene malo achepa, 8 MB ndi yololeka, poti aliyense wogula bandulo amaidziwa. Chimene sichiloleka ndi kusokoneza MB ndi Mb. Yoyamba ndi megabaiti, muyeso wa fayilo. Yachiwiri ndi megabiti, imene amayezera liwiro la intaneti, ndipo mabiti 8 ndiwo amapanga baiti imodzi. Wolemba amene wasinthanitsa zilembozi wauza munthu kuti kutsitsa kutenga mphindi imodzi pamene kutenga mphindi 8. Mayina a malamulo monga DIR, COPY, FDISK ndi FORMAT, komanso chilembo cha disiki C, asamasuliridwe, chifukwa ndi zimene munthu ayenera kulemba ndendende kuti makina amve. Tizimasulira mawu ofotokoza ntchito yake.

Kalembedwe nako kali ndi zake. DOS yoyambirira imagwiritsa ntchito gulu la zilembo 256 lotchedwa code page 437, ndipo ŵ wa m'dzina la Malaŵi mulibemo, ngakhalenso mu code page 850 ya zinenero za kumadzulo kwa Ulaya. Poti ambiri masiku ano amalemba w wamba, pamenepa tikhoza kupirira popanda kutaya tanthauzo la chenjezo lililonse. Chimene sitingachisiye ndi kachizindikiro ka m'mwamba ka mu m'kompyuta, n'kudina ndi pang'ono. Mapulogalamu olembera amakono amakasintha okha kukhala kopindika, ndipo fayilo yotero ikatsegulidwa mu DOS, pamalo pa kachizindikiro kamodzi pamatuluka tizilembo titatu tachilendo. "Dikirani pang'ono" amasanduka chinthu chosawerengeka, ndipo mzere umatalika n'kuswa mpanda wa bokosi. Womasulira alembe ndi kachizindikiro kowongoka ka pa kiyibodi, ndipo ayese fayilo yake mu DOS momwemo asanaitumize. Kuchotseratu kachizindikiroko si yankho, chifukwa ng' ndi ng ndi maliwu awiri osiyana. Pa kalekanitsidwe ka mawu, malamulo alipo kale, ochokera ku Chichewa Board ndi ku Centre for Language Studies ya ku Zomba imene inalowa m'malo mwake mu 1996, ndiponso Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000. Pulogalamu imodzi isalembe "pa disiki" pa bokosi lina ndi "padisiki" pa linzake.

Mapulogalamu ambiri a FreeDOS amasunga mawu awo m'mafayilo apadera. Dzina la fayilo mu DOS silipitirira zilembo 8, kenako kadontho ndi zilembo zosapitirira 3, ndipo mafayilo a zinenero amathera ndi chizindikiro cha chinenerocho, EN ya Chingerezi, FR ya Chifalansa, DE ya Chijeremani. Chathu ndi NY. Zilembo ziwirizi zikuimira olankhula chinenerochi onse, a ku Lilongwe, a ku Chipata ndi a ku Tete, ndipo fayilo idzakhala imodzi. Ku Zambia amalemba c pamene ku Malawi timalemba ch, ndipo mawu ena obwereka amasiyana, maka ku Mozambique kumene amabwereka ku Chipwitikizi. Kusiyana kwa c ndi ch sikungasocheretse munthu. Kumene kungasocheretse ndi mneni wa pa bokosi la kufomata, ngati uli wodziwika mbali imodzi yokha ya malire. Amene adzalembe fayilo ya NY adzatenge mabokosi awiri aja, la kugawa ndi la kufomata, akawawerengetse kwa anthu a mbali zonse zitatu amene sanagwirepo DOS, ndipo aliyense adzamufunse kuti anene m'mawu ake chimene chichitikire mafayilo ake akadina mzere woyamba.